Kabotolo ka mankhwala m'thanki ya dizilo: kamachapa chiyani, kamalephera pati?

Funso lachokera kwa mnyamata wa ku Kaunda Square ku Lusaka amene amanyamula anthu pa Yango, takisi yoitana pa foni. Akuti: "Bambo, ndili ndi Mazda Demio ya dizilo yochokera ku Japan, inalowera pa Nakonde, ndipo pano yadutsa makilomita 140,000. Miyezi iwiri tsopano ikuvuta kulira m'mawa, ikaima pa maloboti imanjenjemera, ndikaponda moto imalavula kautsi kakuda, ndipo mafuta ikumwa kuposa kale. Nyali ya DPF (sefa yogwira mwaye mu ekizozi) yayakapo kawiri. Mnzanga wina akuti ndizithira mankhwala a m'botolo thanki iliyonse, wina akuti oyilo wa two-stroke (uja wosakaniza ndi petulo pa timainjini ting'onoting'ono), wina akuti lita imodzi ya parafini imachapa zonse. Makaniko wa kwathu akuti ma injekita onse azulidwe awachape. Ndimvere ndani?"

Mphwanga, mwachita bwino kufunsa musanathire kanthu. Safunsa anadya phula, ndipo phula la injini ya dizilo limadyedwa ndi thumba lomwe. Ndikuyankheni mwachidule kaye: parafini ayi, two-stroke ayi. Kabotolo mukhoza kuyesa, koma mutasintha kaye fyuluta ya dizilo. Zozula ma injekita, aja opopera dizilo mu injini, zidikire mpaka atapimidwa akadali pa injini, chifukwa mwina mlandu si wawo n'komwe.

Anzanuwo sakunama dala. Nzeru zawo zinachokera ku injini zakale, monga 2C ya Corolla kapena 3L ndi 5L za maminibasi a Hiace. Zimenezo zinali ndi pampu yozungulira ndi ma injekita otseguka ndi sipuling'i basi, ndipo zinkameza pafupifupi chilichonse chonunkha dizilo. Yanu ndi common rail. Pampu yake imapanikiza mafuta m'kapaipi kochindikala kotchedwa rail mpaka ma bar 1,600 kapena 2,000 mukaponda kwambiri, pomwe tayala la galimoto yomweyo lili ndi ma bar awiri ndi pang'ono. Kunsonga kwa injekita kuli timabowo tingapo, kalikonse kotakata pafupifupi mamilimita 0.1, kongoposa pang'ono tsitsi limodzi la m'mutu. Singano imene imatseka ndi kutsegula timabowoto imayenda m'mpata wa ma micron awiri kapena atatu, ndipo micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kompyuta imatsegula injekita kangapo pa kuphulika kumodzi: kadontho koyambirira kochepetsa phokoso, kenako mafuta enieni, ndipo nthawi zina ena apambuyo otenthetsera DPF. Chachikulu choti mugwire n'chakuti zitsulo za m'pampu ndi za mu injekita sizilandira oyilo wa injini. Chozitereretsa ndi dizilo yemweyo amene mwagula.

Injekita imadwala matenda awiri, ngakhale kwa woyendetsa amaoneka ngati amodzi. Loyamba ndi litsiro. Mwaye umauma pa nsonga n'kuchepetsa timabowo, ndipo m'kati mumatha kukhala utomoni umene umachedwetsa singano. Mafuta sakutulukanso ngati nkhungu, akutuluka ngati madzi a m'paipi yobooka, ndiye sapsa bwino. Lachiwiri ndi kutha kwa chitsulo. Fumbi ndi madzi zikadutsa pa mphamvu yoteroyo zimadya singano ndi kavalavu kakang'ono ka pamwamba, kenako injekita imayamba kubweza mafuta ambiri ku thanki kapena kudontha pamene iyenera kutseka. Sopo amachotsa litsiro pa malaya, koma sasoka pong'ambika. Kabotolo kalikonse ka pa shelefu, kaya ndi ka Liqui Moly, Wynn's, STP kapena Redex, kali ku mbali ya sopo. Palibe kamene kamabwezera chitsulo chimene chadyeka.

Komanso mabotolowo si amodzi onse, ngakhale m'mashopu a sipeya m'tauni amawaika pamodzi. Amene inu mukufuna ndi ochapa, okhala ndi mankhwala osungunula mwaye pang'onopang'ono pamene mafuta akudutsa. Ena ntchito yawo ndi kukweza cetane, kutanthauza changu chimene dizilo amayakira akapanikizidwa. Mankhwala ake ambiri ndi 2-EHN. Awa amathandiza injini kulira msanga m'mawa ndi kuchepetsa kugogoda, ndiye munthu amaganiza kuti yachira, koma thanki ikatha vuto limabwerera mmene linalili. Ena amaonjezera kuterera. Ena ndi opha tizilombo timene timamera pamene madzi akumana ndi dizilo pansi pa thanki, tija timapanga zonanda zakuda zotseka fyuluta, ndipo awo amafunika pa galimoto kapena jenereta imene yakhala miyezi osayenda. Olepheretsa dizilo kuundana ndi a ku mayiko a chipale chofewa. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno ku Lusaka kumatilumadi, koma musataye ndalama pa amenewo. Amene ndimakana ndi aja olonjeza kumwa madzi a m'thanki pogwiritsa ntchito alcohol. Madzi a mu dizilo tifuna atsalire pa fyuluta tiwakhuthule, osati asakanikirane n'kukafika pa nozo, nsonga ya injekita.

Nkhani ya two-stroke ili ndi pamene inayambira. Kwa zaka zambiri dizilo wathu ankachokera ku Indeni ku Ndola, fakitale imene inatsegulidwa mu 1973, ndipo anali wa sulufule wambiri, wofika 5,000 ppm, kutanthauza magawo 5,000 pa miliyoni. Wa sulufule wochepa ankabwera pa mathanka ndipo anali ndi mtengo wakewake. Indeni inaleka kuyenga, ndipo kuchokera mu 2023 paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam, imabweretsa dizilo woyengeka kale wa 50 ppm. Kwa galimoto ngati yanu imeneyi inali nkhani yabwino, chifukwa inapangidwira mafuta a ku Japan osapitirira 10 ppm, ndipo sulufule wambiri ndi mdani wa DPF. Koma n'zoona kuti pochotsa sulufule kuterera kwa mafuta kumachepa. Anthu anamva theka limeneli, n'kuyamba kuthira two-stroke. Theka limene sanamve n'lakuti oyenga amathiramo kale mankhwala obwezera kutererako, ndipo pali muyezo wake umene mafuta ayenera kukwanitsa. Two-stroke akapsa amatha kusiya phulusa. Mwaye wa mu DPF umapsa ndi moto n'kuchoka, koma phulusa silipsa, limangodzaza. Oyilo wa giyabokosi, uja wofiira wa ATF, n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa pamenepo.

Parafini ndiye nditsindike. Ndi wopyapyala kuposa dizilo, saterera mokwanira, ndipo cetane yake ndi yotsika. Mukamuthira, zitsulo za m'pampu zimakhudzana zouma. Petulo ndi woipitsitsa. Ndinalandirapo kagalimoto kena kamene mwini wake ankachokera ku Chipata usiku, mafuta atamuchepera, n'kugula zigubu ziwiri kwa achanganya a m'mbali mwa msewu. Anafika bwinobwino ku Lusaka, n'kumaseka kuti wapulumutsa ndalama. Patatha masabata ochepa galimoto inazima pa msewu wa Lumumba. Titatsegula fyuluta tinapeza tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa kumtsinje. Pampu inali itadzidya yokha, ndipo tizitsuloto tinali titalowa m'ma injekita onse anayi, mu rail, m'mapaipi, mpaka kubwerera m'thanki. Zikatero simusintha chinthu chimodzi. Mukaika injekita yatsopano pa mapaipi akuda, nayonso imafa. Ndalama imene inapita pamenepo ikanagula dizilo wa pa filing'i wa miyezi yambiri. Choncho mankhwala oyamba a injekita ndi kumene mumamwetsera. Sankhani filing'i imene ili ndi laisensi ya ERB, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, komanso yodutsa magalimoto ambiri, chifukwa mafuta ake sagona m'mathanki a pansi. Tengani risiti nthawi zonse. Nthawi ya mvula, pamene misewu ina yasanduka mitsinje, muzisamala kwambiri za madzi. Ndipo lekani chizolowezi cha oyendetsa ambiri chothira malita atatu atatu nyali ya mafuta ili chiyakire. Thanki yopanda kanthu imachita thukuta m'kati usiku, ndipo pampu imavutika kukoka.

Tsopano tibwere pa galimoto yanu. M'funso lanu muli chinthu chimodzi chimene chandiimitsa khutu, ndipo ndi utsi wakuda uja. Galimoto imene DPF yake ili yonse siyenera kuonetsa utsi wakuda, ngakhale ma injekita atadwala, chifukwa ntchito ya DPF ndi kugwira mwayewo. Injini itazizira, lowetsani chala kumapeto kwa ekizozi. Chikatuluka choyera, DPF ikugwira ntchito ndipo zimene munaona mwina ndi utsi wotuwa wa nthawi imene ikudziwotcha. Chikatuluka chakuda bii, ndiye kuti DPF inang'aluka, kapena wina anaiboola m'kati galimoto isanafike m'manja mwanu. Ichi palibe botolo lochiza.

Chachiwiri, tulutsani kachitsulo kopimira oyilo. Pa Mazda za dizilo pamwamba pa chizindikiro cha kudzaza pali chizindikiro china cha X. Oyilo akamakwera yekha kulowera kumeneko, ndiye kuti dizilo akutsikira mu injini. Zimachitika DPF ikamayamba kudziwotcha inu n'kuzimitsa isanamalize, kapena injekita ikamadontha. Oyilo wosakanikirana ndi dizilo sateteza turbo kapena mabeyaring'i. Akafika pafupi ndi X, asinthidwe tsiku lomwelo, ndipo akhale wa phulusa lochepa, wolembedwa DL-1 kapena mtundu wa C umene buku la galimoto likunena. Oyilo wa m'migolo wa ma lole sayenera pano.

Kenako fyuluta ya dizilo. Ndimadabwa kuti munthu amagula mankhwala mwezi uliwonse koma sakumbukira tsiku limene anasintha fyuluta. Fyuluta ya common rail imagwira tinthu tating'ono mpaka ma micron ochepa chabe, ndipo yotchipa yosadziwika kumene inachokera imaoneka chimodzimodzi kunja koma m'kati ndi sefa ya ufa. Posintha, makaniko akhuthulire zotsala mu fyuluta yakale m'botolo loonekera, muliike pansi mphindi zingapo. Madzi amakhala pansi. Zonanda zakuda ndi tizilombo tija. Zonyezimira ndi pampu. Botolo limeneli limanena zambiri kuposa maganizo a anthu khumi a pa galaja. Fyuluta ya mpweya muione nthawi yomweyo, chifukwa fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limaitseka msanga, ndipo injini yosowa mpweya imasuta ndi kumwa mafuta ngati ya ma injekita odwala. Pajatu Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, mpweya wake ndi wopepuka kale.

Kuvuta kulira m'mawa nakonso kuli ndi eni ake ena. Injini ya Demio yanu ili ndi compression yotsika (kapanikizidwe ka mpweya mu silinda), 14.8 kwa 1, pamene za dizilo zakale zinkaposa 20. Imadalira kwambiri mahita, timapulagi totenthetsa m'masilinda poliza, ndi batire lamphamvu. Hita imodzi ikafa, m'mawa wa Julayi galimoto imatsokomola ndi kunjenjemera kwa mphindi, kenako n'kukhala bwino. Kupima mahita ndi batire ndi ntchito yaing'ono.

Zonsezi zikaoneka, ipite pa kompyuta, koma kwa munthu wodziwa kuwerenga manambala, osati wongofufuta nyali. Ayang'ane mmene kompyuta ikuonjezera kapena kuchepetsa mafuta pa silinda iliyonse injini ikamalira itaima. Imodzi ikasiyana kwambiri ndi zinzake, mwapeza pokayikira. Ayang'ane mphamvu ya mu rail poliza, ngati ikukwera msanga. Aonenso kuti DPF ikudziwotcha pakadutsa makilomita angati, chifukwa ikamachita pafupipafupi ndiye kuti injini ikupanga mwaye wambiri. Pomaliza pali kupima kwa leak-off, kumene ine ndimakukhulupirira kwambiri. Amachotsa timapaipi tobweza mafuta ku thanki, n'kulumikiza injekita iliyonse ku kabotolo kake ka manambala, n'kuliza injini kwa nthawi yopimidwa. Ma injekita abwino amadzaza mofanana. Imene yatha m'kati imadzaza msanga kusiya zinzake kutali. Palibe chozula, palibe chothyola, ndipo mumaona ndi maso anu.

Mabotolo anayiwo akafanana, ndiye nthawi ya mankhwala yakwana, chifukwa chotsala ndi litsiro. Gulani botolo la mankhwala la kampani yodziwika, chivindikiro chake chosatsegulidwapo, lolembedwa kuti ndi la dizilo ndiponso kuti siliwononga DPF. Werengani kuti botolo limodzi ndi la malita angati. Thirani musanamwetse, kenako dzazani thanki kuti zisakanikirane. Musathire mabotolo awiri pofuna kuti zichape msanga, ndiponso musathire botolo lonse pa malita asanu otsala. Mukatero tulukani m'tauni. Pitani ku Chongwe kapena ku Kafue n'kubwerera, makilomita 45 kapena kuposerapo pang'ono mbali imodzi, injini ikutentha bwino, ikuyenda mosadukizadukiza. Ulendo womwewo umapatsa DPF mpata wofika pa kutentha kwa madigiri 600 kumene mwaye umapsera. Muiweruze thanki imodzi kapena ziwiri zikatha. Ikasintha, bwerezani pa sevisi iliyonse kapena musanayambe ulendo wautali. Thanki iliyonse n'kungodyetsa wa shopu. Ikapanda kusintha, botolo lachitatu silidzachita zimene awiri alephera.

Pali njira ina yamphamvu kuposa iyi, imene amakaniko amati purge. Amalumikiza injini kuti imwe mankhwala okhaokha kuchokera m'chitini, thanki itasiyidwa pambali. Pa litsiro la pa nsonga imathandiza ndithu. Ikufuna munthu wosamala, woika kafyuluta panjira ndi wosalola mpweya kulowa, chifukwa pampu ikayenda youma ngakhale kanthawi kochepa imavulala.

Ndikuuzeninso malo amene kabotolo sikafika. Mankhwala amayenda njira ya mafuta yokha: thanki, fyuluta, pampu, rail, injekita. Sadutsa mu EGR, kavalavu kobweza utsi wina mu injini, kapena m'njira zolowera mpweya. Koma ntchito yanu ya Yango ndi yodzaza mwaye kumeneko. Mumadikira kasitomala injini ikulira, mumakwawa pa mzere wa ku Manda Hill ndi ku Munali m'mawa ndi madzulo, maulendo ambiri ndi a makilomita asanu. EGR imabweza utsi mu injini, utsiwo umakumana ndi nthunzi ya oyilo, n'kupanga phala lakuda limene limachepetsa njira ya mpweya. Ndaonapo njira zotsala kabowo kongolowa chala. Pa makilomita 140,000 a m'tauni, ine ndikanayang'ana kumeneko ndisanakhudze injekita. Kuchapa kwake ndi kwa manja, kumasula ndi kupala. Kunena zoona, galimoto yaing'ono ya dizilo ya masiku ano imakonda msewu wautali wa ku Kabwe kuposa Cairo Road ya pakati pa tauni, ndipo mukadzafuna ina ya ntchito ya m'tauni mudzaganizire zimenezi. Pakali pano, kamodzi pa sabata muziitulutsa ipume.

Leak-off ikaloza injekita, kapena mankhwala akalephera, pamenepo makaniko wanu ali ndi mfundo. Funso ndi lakuti achapa bwanji. Ngati yankho ndi beseni la petulo, bulashi ya waya ndi singano yotokosera timabowo, tengani makiyi anu muzipita. Waya amakanda nsonga ndi kukulitsa timabowo, ndipo kumasula injekita pa tebulo la fumbi kumalowetsa mchenga woposa umene unalimo. Malo oyenera ali ndi benchi yopimira ma injekita a common rail, amene amaonetsa kuchuluka kwa mafuta otuluka ndi obwerera pa mphamvu zosiyanasiyana, ndiponso makina ochapa ndi ultrasonic, ogwedeza madzi ochapira mofulumira kwambiri. Pemphani pepala la manambala asanachape ndi atachapa. Mwina mupeza kuti ziwiri zili bwino, imodzi ikufuna nozo, ina yatheratu. Simuyenera kulipira zinayi chifukwa cha imodzi.

Pobwezera pali tinthu ting'onoting'ono timene timagwetsa ntchito yonse. Injekita iliyonse ilembedwe silinda imene yachokera. Mapaipi otseguka avindikiridwe. Washa ya mkuwa ya pansi ikhale yatsopano nthawi zonse, ndipo pokhala pake papukutidwe bwino. Washa yakale imatulutsa utsi, mumamva kafungo m'galimoto ndi kaphokoso ka "tchu tchu", ndipo pakapita nthawi injekita imamatirira m'phula louma ngati la pa msewu, moti kuizula kumafuna tsiku lathunthu. Mabawuti amangidwe ndi torque wrench, sipanala yopima mphamvu yomangira, osati ndi mphamvu za mkono. Ndipo injekita yatsopano kapena yokonzedwa ili ndi nambala yake, pa Denso ili pamwamba pamodzi ndi QR, pa Bosch amati IMA, pa Delphi C2I kapena C3I. Nambala imeneyo ilowetsedwe mu kompyuta ya galimoto. Mukapanda kutero, injini imagogoda ndi kunjenjemera ngati simunakonze kalikonse, inu n'kumati anakugulitsani zabodza.

Chenjezo limodzi ndi la thupi lanu. Kale tinkamasula paipi ya injekita injini ikulira kuti timve silinda yakufa. Pa common rail musayerekeze, ndipo musafufuze podontha ndi chala. Dizilo wa pa mphamvu imeneyo amaboola khungu n'kulowa m'mnofu. Bala limaoneka ngati la munga, koma munthu amatha kutaya chala akachedwa kupita kuchipatala.

Pali zizindikiro zimene zikabwera simuyeneranso kuganiza za botolo kapena za ulendo wa ku Chongwe. Kugogoda kwamphamvu kumene kwayamba mwadzidzidzi, utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa umene sukutha injini itatentha, oyilo wodutsa X, kapena tizitsulo tonyezimira mu fyuluta. Injekita yodontha imatha kusungunula pisitoni pa ulendo umodzi, ndipo oyilo wodzaza dizilo amatha kukokedwa mu injini n'kuithamangitsa yokha mutazimitsa kale kiyi. Zikatero imikani, ikokedwe.

Sabata ino yambani ndi chala ku ekizozi ndi kachitsulo ka oyilo, zimenezo n'zaulere ndipo mungachite pakhomo mawa m'mawa. Loweruka sinthani fyuluta mutanyamula botolo loonekera. Mukapanga leak-off, jambulani mabotolo anayiwo ali pamzere ndi manambala a pa kompyuta, munditumizire, tione pamodzi ngati pali injekita yoti izulidwe.